Zimene lisiti silinena

Ndimaphunzitsa economics ndi business studies kwa ophunzira amene akungoyamba kumene, ndipo nthawi yochonga mayeso ikafika pali yankho limodzi limene limandiwawa mumtima ngakhale ndimalipatsa malikisi onse. Funso limakhala lakuti afotokoze tanthauzo la opportunity cost. Mwana amalemba bwinobwino, osaphonya liwu: ndi phindu la chinthu chabwino koposa mwa zimene munthu wasiya posankha china. Ndimachonga. Tsamba lotsatira pali funso la munthu amene wasiya ntchito yolipidwa n'kuyamba bizinesi yake. Mwana yemweyo amachotsera lendi, kuchotsera ndalama yoodera katundu, kuchotsera magetsi, n'kulemba mosangalala kuti bizinesi yapindula, mpaka kudula mizere iwiri kunsi kwa yankho. Malipiro amene munthu uja anawasiya kuntchito sakuoneka paliponse. Tanthauzo analiloweza, koma kaonedwe kake ka zinthu ndi kakale komwe kaja.

Ine ndimakhulupirira kuti chaka choyamba chonse cha maphunziro amenewa ndi funso limodzi lofunsidwa m'njira zambiri: kuti mutenge ichi, mwasiya chiyani? Magalafu, matebulo, mawu ataliatali a m'mabuku, zonsezo zimabwera pambuyo. Munthu akaligwira funsoli, mitu ya m'buku imayamba kulumikizana yokha. Akapanda kuligwira angathe kukhoza mayeso ndithu, koma tsiku limene adzagwire ndalama zake kapena za anthu ena adzaziwerenga mmene akanaziwerengera asanalowe m'kalasi.

Mabuku amayamba ndi kuchepa kwa zinthu, ndipo ophunzira ambiri amamva ngati akunena za umphawi. Si zimenezo. Mu 1932, Lionel Robbins wa ku London School of Economics anafotokoza kuti economics ndi phunziro la mmene anthu amachitira pamene zofuna zawo zili zambiri, zokwaniritsira zofunazo zili zochepa, ndipo zochepazo zingathe kugwira ntchito zingapo. Mbali yomalizayo ndi imene anthu amaidumpha, pomwe ndiyo mwini nkhani. Chinthu chikanakhala ndi ntchito imodzi yokha sipakanakhala chosankha. Koma malo amene mwamangapo nyumba simungalimepo, ola limene mwagona simungawerengemo buku, ndipo munthu wolemera kuposa onse padziko naye tsiku lake lili ndi maola 24 basi. Chuma chikachuluka kuchepa sikutha, kumangosamukira pa chinthu china.

Amene anaonetsa bwino zimenezi kuposa mabuku ambiri sanali katswiri wa zachuma, anali msilikali. Mu Epulo 1953, Dwight Eisenhower, atangokhala pulezidenti wa dziko la America, analankhula za mtengo wa zida za nkhondo, ndipo mtengowo sanauwerenge m'madola. Anati ndege imodzi yaikulu yoponya mabomba ndi sukulu yamakono ya njerwa m'mizinda yoposa 30. Ndi zipatala ziwiri zokhala ndi zipangizo zonse. Ndi msewu wa konkire wa mamailosi pafupifupi 50. Uyu ndi munthu amene anatsogolera asilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo sankanena kuti ndegezo zisagulidwe konse. Ankafuna kuti pozigula anthu adziwe chimene alipira. Bajeti imalemba mtengo wa ndege m'ndalama, koma ndalama ndi muyeso chabe. Chimene dziko lataya ndi sukulu zimene sizinamangidwe, ndipo sukulu yosamangidwa palibe mtolankhani amene angakaijambule.

Vuto lake lagona pomwepo. Frédéric Bastiat wa ku France analemba mu 1850 za mwana amene waswa galasi la windo la sitolo ya bambo ake. Anthu osonkhana akutonthoza mwini sitolo kuti palibe kanthu, woika magalasi wapeza ntchito, ndalama zayenda. Bastiat anati zimenezo ndi zooneka. Zosaoneka ndi nsapato zimene bamboyo akanagula ndi ndalama zomwezo. Wosoka nsapato waluza kasitomala, koma iye mwini sakudziwa n'komwe, ndiye ndani angamulirire?

Ndimauza ophunzira anga kuti awerengere mtengo wa chaka chimodzi cha maphunziro awo. Amalemba fizi, mabuku, mayendedwe. Ena amawonjezera chakudya, ndipo ndikawafunsa ngati akanakhala osadya akanapanda kuphunzira, amaseka n'kufufuta. Ochepa kwambiri ndi amene amalemba ndalama zimene akanapeza akanagwira ntchito chaka chimenecho, chikhalirecho kwa munthu wamkulu ndalama imeneyo nthawi zina ndiyo imaposa zina zonse. Sindinena izi kuti asiye sukulu, ayi ndithu. Ndimafuna adziwe kuti ola lililonse limene akhala pa desiki aligula, ndipo aligula mokwera.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yovuta kuimeza. Pali ndalama zimene zili pa lisiti, zolembedwa ndi inki, koma posankha zochita mawa siziyenera kuwerengedwa n'komwe. Ndi ndalama zimene zinapita kale ndipo sizingabwerere kaya muchite zotani. M'mabuku ndi sunk cost. Chitsanzo chodziwika ndi ndege ya Concorde. Britain ndi France anagwirizana mu 1962 kupanga ndege yonyamula anthu yothamanga kuposa liwiro la mawu. Inauluka koyamba mu 1969, n'kuyamba kunyamula anthu mu 1976. Ndalama zoipangira zinawirikiza kangapo zimene anayerekeza poyamba, makampani a ndege a m'mayiko ena amene anaonetsa chidwi chogula anabwerera m'mbuyo, ndipo pamapeto pake zinapangidwa 20 zokha. Mwa zimenezo 14 ndi zimene zinagwira ntchito yonyamula anthu ku British Airways ndi Air France mpaka 2003. Panali ndale, panali ulemu wa mayiko awiriwo, ndipo ndegeyo inali yodabwitsa ndithu, sindikuinyoza. Koma dzina lake linasanduka chikumbutso cha maganizo akuti tawononga kale zambiri, sitingasiyire panjira.

Ndikafika pamenepa m'kalasi sipalephera kukhala wokweza dzanja. Mtsikana wina anandifunsa nkhope itakwinyika: "Aphunzitsi, ndiye ndalama zonse zija zingopita choncho?" Ndinamuyankha kuti zinapita tsiku limene zinatuluka m'thumba, madzi akatayika saoleka. Chimene chatsala m'manja ndi ndalama ya mawa, ndipo ndi yokhayo imene ili ndi ntchito ina imene ingagwire. Anakhala chete akuzunguza cholembera, kenako anati, "Koma zimapweteka." Sindinamutsutse, chifukwa zimapwetekadi. N'chifukwa chake munthu amapitiriza kosi imene waona kale kuti si yake, kapena kumathira ndalama m'makina amene amafa mwezi ndi mwezi, poopa kuti akasiya ndiye kuti wavomera kuti analuza. Kuluza kunachitika kale. Chosankha chimene chatsala n'chakuti aluzenso kapena ayi.

Tikachotsa zakale, chotsala ndi sitepe yotsatira, ndipo zosankha zambiri zili pamenepo. Adam Smith, katswiri wa zachuma wa ku Scotland, anaona kuti palibe chinthu chothandiza kuposa madzi koma ndi otsika mtengo, pamene diamondi ntchito yake ndi yochepa koma amagula zambirimbiri. Yankho lokhutiritsa linabwera patapita zaka pafupifupi 100, kwa William Stanley Jevons ndi Carl Menger mu 1871, ndi Léon Walras mu 1874, aliyense payekha. Palibe amene amasankha pakati pa madzi onse a padziko ndi diamondi yense. Timasankha kapu inanso imodzi, ndipo kwa munthu amene wamwa kale, wasamba, wachapa, kapu yotsatirayo siisintha kanthu. Mu bizinesi nzeru imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Ndege yatsala ola limodzi kuti inyamuke, mpando wina ulibe munthu. Mukagawa ndalama zonse za ulendowo ndi chiwerengero cha mipando mupeza mtengo waukulu, koma kukweza munthu mmodzi wowonjezera kungowonjezera timafuta pang'ono ndi kachakudya. Aliyense wolipira kuposa pamenepo wabweretsa kanthu, pamene mpando ukauluka wopanda munthu ndalama yake yapita mpaka kalekale. Chenjezo n'lakuti nzeru ya mpando womaliza si nzeru ya mipando yonse. Mukagulitsa yonse pa mtengo umenewo kampani igwa.

Pa galafu yotchuka ya mizere iwiri yopingasana, demand (zimene ogula akufuna kugula) ndi supply (zimene opanga akufuna kugulitsa), ophunzira amasangalala chifukwa n'njosavuta kujambula. Rula, pensulo, mtanda wopendekeka, dontho pakati, basi watha. Ine ndimawachedwetsa dala. Mzere wotsika uja ndi mndandanda wa ogula, kuyambira amene ali wokonzeka kusiya zambiri kuti apeze katunduyo mpaka amene angasiye zochepa. Mzere wokwera ndi mndandanda wa opanga, kuyambira amene antchito ake, malo ake ndi makina ake analibe ntchito ina yabwino, mpaka amene kuti apange katunduyu ayenera kusiya ntchito yaphindu kwambiri. Pa dontho paja ndi pamene wogula womaliza ndi wopanga womaliza amvana. Alfred Marshall wa ku Cambridge, amene buku lake la mu 1890 linafalitsa kajambulidwe kameneka, anati kukangana kuti mtengo umachokera kwa ogula kapena ku ndalama zopangira n'chimodzimodzi kukangana kuti ndi mpeni uti wa sizasi, wam'mwamba kapena wam'munsi, umene umadula pepala.

Mtengo ukakwera umauza wogula kuti achepetse, n'kuuza wopanga kuti awonjezere. Koma anthu samvera tsiku lomwelo. Mu Okutobala 1973 mayiko a Aluya opopa mafuta anasiya kutumiza mafuta ku America ndi mayiko ena angapo, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1974 mgolo umodzi unali utachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12. Miyezi yoyambirira anthu ankangodandaula n'kumagulabe, poti galimoto imene uli nayo ndi yomweyo ndipo kuntchito n'komweko. Patapita zaka zinthu zinatembenuka. Magalimoto ang'onoang'ono osamwa mafuta kwambiri, ambiri a ku Japan, anayamba kuyenda malonda. France mu 1974 inaganiza zomanga malo ambiri opangira magetsi a nyukiliya. Mafuta a pansi pa nyanja ya North Sea, amene kuwapopa n'kodula, anakhala aphindu. Elasticity imene ophunzira amavutika nayo, muyeso wa mmene anthu amasinthira kagulidwe mtengo ukasintha, ndi funso lakuti munthu ali ndi kothawira kapena ayi, ndipo kothawira kumachuluka nthawi ikamapita.

Ku America nthawi imeneyo boma linali litaika malire pa mitengo ya mafuta, ndipo pamalo omwetsera mafuta panali mizere italiitali ya magalimoto, mpaka m'madera ena anagawa masiku ogulira potengera nambala ya galimoto. Sindikunena kuti boma lizingoyang'ana mitengo ikalusa. Pali nthawi zimene liyenera kuteteza anthu. Koma mafuta akachepa wina ayenera kuwasowa, ndipo amene sanalipire ndi ndalama amalipira ndi maola a pamzere. Ndalama zimapita kwa munthu wina. Maola a pamzere sapita kwa aliyense.

Tsopano mapini ndi nkhani ya kugawana ntchito. Buku la Adam Smith la mu 1776, The Wealth of Nations, limayamba ndi kanthu kakang'ono kwambiri, pini. Wina akukoka waya, wina akuuwongola, wachitatu akudula, wachinayi akusongola nsonga, wachisanu akupala mbali inayo kuti pakhale kamutu. Kupanga kamutuko pakokha ndi ntchito ziwiri kapena zitatu, kukalumikiza ndi ntchito ina, kuyeretsa mapiniwo ndi ina, ngakhale kuwabaya pa pepala ndi ntchito ya munthu wake. Zonse pamodzi pafupifupi 18. Smith anati anaona kafakitale ka anthu 10, kopanda makina abwino, kakupanga mapini oposa 48,000 patsiku, ndiye kuti 4,800 munthu mmodzi, pamene aliyense payekha, wosaphunzira ntchitoyo, sakanafika 20, mwinanso ngakhale imodzi.

Henry Ford, wopanga magalimoto wa ku America, anafika nazo patali mu 1913 pamene anaika lamba woyenda m'fakitale yake ku Highland Park. Nthawi yolumikiza galimoto ya Model T inatsika kuchoka pa maola oposa 12 kufika pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndipo galimoto imene poyamba inkagulidwa madola 850 inafika pochepera 300 m'zaka za m'ma 1920. Koma kugawana ntchito nako kuli ndi chimene kumadya. Smith yemweyo, chakumapeto kwa bukulo, anachenjeza kuti munthu amene moyo wake wonse amangobwereza tintchito tiwiri titatu nzeru zake zimagona, ndipo anafuna kuti boma lithandize pa maphunziro a anthu wamba. Kwa Ford antchito ankasiya ntchito mowirikiza kwambiri, ndipo mu Januwale 1914 kampaniyo inalengeza malipiro a madola 5 patsiku, kuposa kuwirikiza kawiri amene ambiri ankalandira. Chenjezo la Smith limeneli silitchulidwa kawirikawiri m'mabuku a oyamba kumene, ndipo ine ndimaona kuti n'kuwamana ana theka la nkhani.

Mfundo imene ndimaikonda kuposa zonse, imene ndimachedwapo ngakhale silabasi ikundithamangitsa, ndi ya David Ricardo ya mu 1817. Kuti aliyense achite chimene amachidziwa kuposa anzake, mwana aliyense angamvetse. Ricardo anafunsa lovuta: nanga ngati mnzako amakuposa pa chilichonse? Anatenga England ndi Portugal, nsalu ndi vinyo, n'kuika manambala ongoyerekeza. Ku England, kupanga muyeso wina wa nsalu kukufuna anthu 100 chaka chathunthu, vinyo anthu 120. Ku Portugal nsalu yomweyo anthu 90, vinyo anthu 80. Portugal ikuposa pa zonse ziwiri. Nzeru yapafupi imati ipange yokha zonse, England ilibe choipatsa.

Taonani bwino. Portugal ikafuna nsalu ili ndi njira ziwiri. Ingatenge anthu 90 n'kuluka yokha. Kapena ingatenge anthu 80, apange vinyo, n'kukasinthanitsa ndi nsalu ya ku England. Nsalu ndi yomweyo, koma anthu 10 atsala oti achite zina. England nayo ikafuna vinyo ingavutike ndi anthu 120, kapena ingaluke nsalu ndi anthu 100 n'kusinthanitsa, ndipo yapulumutsa 20. Onse apindula, popanda wochitira mnzake chifundo. Chinsinsi chake n'chakuti Portugal ikaluka nsalu imasiya vinyo wambiri, pamene England ikaluka nsalu imasiya vinyo wochepa. Nsalu ndi yotsika mtengo kwa amene wasiya zochepa poipanga, ngakhale atakhala wochedwa manja.

Nkhani imeneyi si ya mayiko okha. Dokotala wa opaleshoni angathe kutayipa mwachangu kuposa mlembi wake, komabe ola limene wakhala pa kompyuta ndi ola limene wodwala wadikira, ndiye makalata ndi a mlembi. Ndimaikonda mfundoyi chifukwa cha ana ena amene amakhala kumbuyo kwa kalasi, amene anadziuza kale kuti pa chilichonse pali wowaposa. Mwina alipodi. Koma wowaposayo sangachite zonse nthawi imodzi, ndipo masamu a Ricardo akusonyeza kuti malo awo alipo, osati powamvera chisoni koma chifukwa akufunika. Ndimawauzanso mbali yowawa. Anthu 10 aja amene pa bolodi tati atsala oti achite zina ndi oluka nsalu amene ntchito yawathera, ndipo zinazo sizipezeka tsiku lomwelo kapena m'tauni yomweyo. Dziko lonse likapindula sizitanthauza kuti aliyense wa m'dzikomo wapindula. Mikangano yambiri ya masiku ano yokhudza malonda a pakati pa mayiko ili pa anthu 10 amenewo.

Ku business studies funso lomweli limalowa m'buku la akaunti. Titenge manambala ongoyerekeza, ndalama ya dziko lililonse. Munthu akupanga mipando. Lendi, inshulansi ndi ngongole ya makina ndi 600 pamwezi, agulitse asagulitse. Matabwa, misomali ndi vanishi za mpando umodzi ndi 30, ndipo iye amagulitsa 50. Mpando uliwonse ukusiya 20 yoti ikalipire 600 uja, choncho mipando 30 yoyambirira ya mwezi si yake, ndi ya mwini nyumba ndi banki. Pamenepo ndiye pa break-even, ndipo phindu limayamba pa mpando wa 31. Akagulitsa mipando 50, buku lionetsa phindu la 400. Tsopano tinene kuti kuntchito kumene anasiya ankalandira 450, ndipo mpamba wake umene anaikamo ukanakhala ku banki ukanabala chiwongoladzanja cha 50 pamwezi. Wasiya 500 kuti apeze 400. Akauntanti sanalakwe polemba 400, ndipo msonkho udzawerengedwa pa zimene zili m'buku. Koma mwini wake adziwe kuti mwezi uliwonse akulipira 100 kuti akhale wodzilamulira yekha. Angathe kunena kuti ufulu umenewo ukuyenera 100, kapena kuti chaka chamawa makasitomala adzachuluka. Ndi zifukwa zomveka, ndipo ambiri otere ndimawalimbikitsa. Chimene sindifuna n'chakuti azilipira osadziwa.

Tebulo lomweli limatsegula maso pa nkhani yotsitsa mtengo. Kuchoka pa 50 kufika pa 45 kumaoneka ngati kanthu kochepa, kokopera makasitomala. Koma chotsala pa mpando chachoka pa 20 kufika pa 15, ndipo tsopano pakufunika mipando 40 kuti angobweza za mwezi. Kuti apezenso 400 yake ija ayenera kugulitsa mipando 67, osati 50. Ambiri amene amathamangira kutsitsa mtengo masamu amenewa sanawachite.

Ndiye pali msampha umene umagwira ngakhale bizinesi yoyenda bwino. Tinene kuti mipando 50 ija wapereka ku ofesi ina imene ilipira pakatha masiku 60. Buku likuti wagulitsa, phindu lilipo, invoisi ili m'faelo. Koma mwini nyumba akufuna lendi pa 1, wogulitsa matabwa akufuna yake pompopompo, ndipo invoisi salipirira magetsi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Chodabwitsa n'chakuti maoda akamachuluka ngozi imakulanso, chifukwa oda iliyonse yatsopano ikufuna matabwa lero pamene ndalama yake idzabwera miyezi iwiri ikudzayo. Bizinesi ingathe kutsekedwa buku likuonetsa phindu. Kupereka katundu pangongole n'kubwereketsa ndalama popanda chiwongoladzanja, ndipo ndalama imene yagona kwa kasitomala masiku 60 ndi ndalama imene sinagule matabwa ena. Sindikuti ngongole isamaperekedwe, poti makasitomala akuluakulu ambiri sagula mwanjira ina. Koma mtengo wake ulowe m'masamu.

Buku la akaunti ndimalilemekeza kwambiri. Luca Pacioli, mbale wa chipani cha Franciscan amenenso anali katswiri wa masamu, anasindikiza ku Venice mu 1494 kalembedwe kolemba chinthu chilichonse kawiri. Sanayambitse ndi iye. Anangofotokoza mwadongosolo zimene amalonda a kumeneko ankachita kale. Mukagula makina, buku limafunsa kuti chatuluka n'chiyani, ndalama kapena lonjezo lodzalipira. Palibe chimene chimangobwera chokha. Zaka zoposa 500 zapita ndipo mapulogalamu a pakompyuta a lero akutsatabe lamulo lomwelo. Malire ake ndi akuti buku limalemba zokhazo zimene zadutsa m'manja mwanu. Malipiro amene munawasiya mulibe. Ndipo mulibenso zimene mwalipiritsa anthu ena osawapempha.

Zomalizazi Arthur Pigou, amene analowa m'malo mwa Marshall ku Cambridge, anazifotokoza mu 1920: pali ndalama zimene wopanga kapena wogula salipira, zimagwera munthu wachitatu amene sanali nawo pa malonda. Kumayambiriro kwa Disembala 1952 mzinda wa London unakutidwa masiku asanu ndi nkhungu yosakanikirana ndi utsi wa malasha. Kunkazizira, mphepo inali itaima, ndipo nyumba iliyonse, fakitale iliyonse ndi malo opangira magetsi zinkangofuka. Banja lililonse linalipira malasha ake mokhulupirika, lisiti lili m'manja. Utsi palibe amene analipira. Chiwerengero choyamba chinati anthu pafupifupi 4,000 anamwalira, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anakweza chiwerengerocho kufika pafupifupi 12,000. Mu 1956 nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa Clean Air Act, lamulo limene linalola makhonsolo kuletsa utsi m'madera awo, ndipo boma linathandiza mabanja ndi ndalama zosinthira moto wa m'nyumba zawo. Pigou njira imene ankaikonda inali msonkho wolingana ndi chiwonongeko. London inatsata njira ya lamulo. Iliyonse mwa njira ziwirizi ili ndi chimene imadya, ndipo akatswiri akukanganabe kuti ndi iti imene ikuyenera pati.

Mutu umenewu mabuku ambiri amauika kumapeto, kumene nthawi imakhala itatha ndipo aliyense maso ali pa mayeso. Ine ndimauphunzitsa sabata yomweyo ya break-even, tebulo la mipando lisanafufutidwe pa bolodi, kuti kunsi kwa lendi ndi matabwa tiwonjezere mzere wa fumbi, phokoso la makina ndi fungo la vanishi zimene oyandikana naye akupirira, kenako tikangane kuti pamzere umenewo tilembepo zingati, ndipo alipire ndani.